Nkhosa za ku St Kilda ndi Ubweya Wace

Ife tikamva za ubweya wa nkhosa tiganiza za kumeta, ndiponso tiyesa kuti ubweya wonse uli woyera. Koma kale sikunatero ai. Tiyeni tiyang'ane ku St Kilda, tizilumba ta m'nyanja yamcere kumadzulo kwa Scotland, mtunda wa mailosi 40 kucokera ku cilumba ca North Uist.

Pa kacilumba kamodzi, dzina lace Soay, pali nkhosa zazing'ono za mtundu wa makedzana, zoti munthu poziona patali angati ndi mbuzi. Zambiri nzodera, zina nzofiirira ngati udzu wouma. Pakutha nyengo yacisanu ubweya wace uyamba kuthothoka wokha. Cifukwa cace eni dziko sanafune kuumeta, koma anali kuuzula ndi manja, ndipo nkhosa simva kuwawa ngati nthawi yace yakwana. Bvuto linali pozigwira. Nkhosa zimenezi zikaona garu sizisonkhana pamodzi, zimwazikana. Tsono amuna anali kuzipitikitsa imodzi imodzi pamaphompho, nyanja irikuwinduka pansi pao. Ndipo nkhosazo sizinali zao, zinali za mwini zilumba, MacLeod wa ku Dunvegan.

Pofika nao kumudzi, nchito yeniyeni inayamba. Anasankhula tsitsi lokhakhala kulicotsa mu ubweya wofewa, napatula wodera pa wokha ndi wofiirira pa wokha, pakuti maonekedwe a nsaru anacokera pa msana pa nkhosa, osasowa kunyika. Atatero anaupesa pakati pa timatabwa tiwiri ta mano awaya kufikira utalambalala bwino. Akazi anapota, monga makolo athu anapotera thonje pa njinga. Amuna ndiwo anaomba, usiku wautali wa nyengo yozizira, pa kuunika kwa nyali ya mafuta a mbalame. Nsaru zina anabvala, zina anagulitsa kapena kupereka msonkho wa malo pamodzi ndi nthenga.

Koma anyamata anacoka kukafuna moyo kwina, otsala nacepa, osakwanira nchito zotere. Pa 29 August, 1930, anthu 36 otsiriza anakwera combo, nkhosa zao zoweta zitatengedwa kale kukagulitsidwa. M'caka ca 1932 mwini watsopano, Lord Dumfries, anaolotsa nkhosa 107 za ku Soay kunka nazo ku Hirta, kumene kunali mudzi. Zidzukulu zace ziri komweko kufikira lero, zopanda mbusa. Kuyambira 1985 anthu ophunzira aziwerenga caka ndi caka, ndipo ubweya wace ungokodwa pa miyala ya mabwinja, mphepo niutenga.