Gulugufe Amene Mpanda Unalephera Kumupulumutsa

Acinyamata a ku Kanini, kodi mudziwa kuti kumene kuli nyumba zanu ndi misewu lero kunali nkhalango ya Alamba? Boma la Ndola linakhazikitsidwa m'caka ca 1904, ndipo njanji inafika mu 1909. Kucokera pamenepo nkhwangwa sinapumule. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, sitima zinalephera kubweretsa malasha okwanira ocokera ku Wankie, kotero kuti migodi inayamba kusonkha nkhuni popanga magetsi kufikira ca m'ma 1956. Mitengo ya mombo ndi mtondo inagwa yosawerengeka. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960, ku Chichele ndi kwina kunabzalidwa paini ndi bulugamu, ndipo ootcha makala anapitiriza pamene migodi inalekezera.

Munthu angati, "Nanga si mitengo inabzalidwanso?" Koma gulugufe asanamere mapiko amakhala mbozi, ndipo mbozi zambiri zimadya masamba a mtengo wa mtundu umodzi kapena iwiri yokha. Kwa mbozi ya mu mombo, munda wa paini uli ngati nkhokwe yopanda kanthu.

Ngakhale pamene chire lasiyidwa ndi kutetezedwa, nkhani sithera pomwepo. Zimene zinacitika ku England zitiphunzitsa zambiri. Kumeneko kunali gulugufe wobiriwira ngati thambo wochedwa Large Blue. Anthu poona kuti akucepa, anaganiza kuti olakwa ndi aja ogwira agulugufe ndi kuwasunga m'mabokosi. Motero malo ena anawamangira mipanda, ndipo mu 1975 lamulo linaletsa kumugwira. Koma mu 1979 analengeza kuti watheratu m'dziko lonselo.

Cinalakwika nciani? Wasayansi wina, Jeremy Thomas, ndiye anapeza yankho. Mbozi ya gulugufeyu imadya maluwa kwa masabata ocepa, kenaka imagwera pansi ndi kunyenga nyerere zofiira za mtundu wa Myrmica sabuleti kuti ziinyamule ngati mwana wao. Ikalowa m'funkha imakhalamo miyezi pafupifupi khumi, ikudya ana a nyererezo. Ulemu wa mlendo ameneyu ngwocepa ndithu! Tsono nyererezi zimafuna nthaka yofunda, ya udzu waufupi. Alimi ataleka kudyetsa nkhosa m'mapiri, ndiponso matenda atapha akalulu ambiri m'zaka za m'ma 1950, udzu unatalika, nthaka inazizira, nyerere zinacoka. Mpanda uja wocinga ogwira agulugufe unacinganso ziweto zimene zikanadya udzu. Anafunika kukatenga agulugufe ena ku Sweden m'zaka za m'ma 1980, atayamba abwezera ziweto pamalopo, kuti mtunduwo ukhalenso m'dzikomo.

Musaganize kuti izi nza ku Ulaya kokha. Mu 1980, m'mapiri a Waterberg ku South Africa, anapeza kagulugufe kofiirira pa kamalo kamodzi kakang'ono. Mbozi zake nazonso zimakhala ndi nyerere. Moto ndi ziweto zitaleka kufika pamalopo udzu unawirira, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kagulugufeko sikanaonekenso. Kanapezekanso mu 2013, pa malo ena. Dzina lake ndi Erikssonia edgei, ndipo abale ake a mtundu wa Erikssonia ali kuno kwathu, ku cigawo ca kumadzulo ndi ca kumpoto cakumadzulo.

Apa mpamene pali pobvuta kwa ife. Tinazolowera kumva kuti moto wa m'chire ndi mdani, ndipo lupsa la mu October limaonongadi mitengo yaing'ono. Koma dambo limene silipsa konse, ndiponso silidyedwa ndi ziweto, nalonso limasintha, ndipo tizirombo tina timacokamo. Ine ndiona kuti kulemba cikwangwani ca "Malo Otetezedwa" nkosabvuta. Nchito yeniyeni ndiyo kudziwa cimene mbozi iliyonse imadya, ndi nyerere imene imailera.

Mu 2002, Alan Heath, Michael Newport ndi David Hancock anatulutsa buku la agulugufe a mu Zambia, la mitundu yoposa 800. M'bukumo maina a Ndola, Mufulira ndi Mpongwe amachulidwa monga malo kumene agulugufe ambiri anagwidwa. Kagulu ka acinyamata kokhala ndi kope ndi pensulo kangathe kuyenda m'mbali mwa Kafubu nyengo ya dzinja, ndi kulemba amene akali kuuluka kumeneko.