Mchirikizo pa boti loyendera thanga

Mchirikizo ndi chinthu chogwiriziza chinzake kuti chisagwe, monga mtengo wamphanda umene timaimika pa nthochi yolemedwa ndi mkoko. Dzinali likuyeneranso mawaya achitsulo ogwira mlongoti wa boti kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Ena angatsutse kuti mchirikizo umakankha pomwe waya amakoka. Komatu mawuwa amanena za ntchito yoletsa kugwa, ndipo waya mmodzi akaduka mphepo itakula, mlongoti ukhoza kugwa. N'chifukwa chake amisiri amalangiza kusintha mawayawa pakatha zaka pafupifupi 10 ngakhale akuwalabe, poti dzimbiri limabisala polumikizira, pomwe waya walowa m'chitsulo chofinyidwa. Ngati mlongoti sunatsitsidwe, amasintha mmodzimmodzi, atayamba agwiriziza mbaliyo ndi chingwe chokwezera thanga.