Za Mwambo Woweramitsa Nyali pa Msewu wa Ntcheu

Magalimoto asanafike m'dziko la Inkosi ya Makhosi Gomani, ulendo unali wa masana. Pakuti amtengatenga amene ankasenza katundu wa boma ndi wa amalonda kuchokera kuchigwa cha Shire, nakwera mapiri a Kirk Range kulunjika ku Dedza, kapena ku Mlangeni kumene Angerezi anamanga linga atatha kupha Gomani Chikuse mu 1896, ankatula mitolo yawo dzuwa likapendeka, nasonkha moto, nagona. Woyenda mumdima, ngati sanali mthenga wa zovuta, anthu ankamukayikira.

Magalimoto oyambirira, kuno ngakhalenso kwina konse, sanausinthe kwenikweni mwambowu, popeza nyali zake zinali za kabaidi: madzi ankadonthera pa timiyala ta mankhwalawo, mpweya wotuluka pamenepo nkuyatsidwa ndi machesi, ndipo kuwala kwake kunkangomwazika. Nyali zamagetsi zinakhazikika kampani ya Cadillac ya ku America itaziika pa magalimoto ake mu 1912, ndipo nthawi yomweyo linabadwa vuto limene tili nalo kufikira lero lino, lakuti nyali yotumikira bwino mwini wake imathobwa m'maso mnzake wochokera kutsogolo. Walira mvula walira matope. Mu 1924 anapanga babu lotchedwa Bilux, la timawaya tiwiri, kena kowalitsa patali, kena kowalitsa pafupi, ndipo apa ndi pamene fulu ndi dimu anayamba kutuluka m'babu limodzi. Mu 1957 amisiri a ku Ulaya anawonjezapo nzeru ina, yakuti dimu asamawale mofanana mbali zonse, koma adulidwe mowongoka kumbali yochokera magalimoto ena, nakwezedwe pang'ono kumbali ya m'mphepete, kumene kumayenda anthu apansi, njinga ndi ng'ombe. Kwa ife oyendetsa kumanzere, monganso anzathu a ku Mozambique, Zambia ndi Britain, mbali yokwezedwayo ndi ya kumanzere.

Zonsezi zikanakhala nkhani zakutali chikhala kuti msewu wa Ntcheu sunasanduke mtsempha wa dziko. Koma msewu wochokera ku Zomba kupita ku Lilongwe utathiridwa phula, likulu la dziko nkusamukira ku Lilongwe mu 1975, mabasi a UTM, malole a Bedford ndi ma Land Rover aboma anayamba kukumanizana usiku pa Kampepuza, komanso pa Biriwiri ndi pa Lizulu, kumene msewu umatsata malire, kotero kuti nyali yosokera pang'ono imakaunika nyumba za m'dziko la Mozambique. M'zaka za nkhondo ya kumeneko, imene inatha mu 1992, abale athu othawa nkhondo anamanga zithando m'mphepete mwa msewu womwewu, ndipo malole onyamula chimanga chowathandiza anachulukitsa magalimoto pa njira imene inali itadzaza kale ndi anthu oyenda pansi. Ndiponso msewuwu si wachidikha ayi: umakwera, umatsika, umakhota, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu imaukuta, imene imabweza kuwala konse kolunjika m'mwamba nkukuthira m'maso mwa dalaivala mwini.

M'masiku amenewo nyali zinali zobulungira, za mainchesi 7, ndipo zambiri zinali zomata, zimene babu, galasi ndi mbale yonyezimira zinali chinthu chimodzi, monga anakhazikitsira ku America mu 1940. Ikapsa unkachotsa yonse, ndipo poika yatsopano unkayenera kuilunjikanso. Ntchito imeneyi amakaniko ankaichita madzulo, mdima ukuyamba, mwa njira imene ngakhale lero palibe chifukwa choinyozera. Galimoto ankaiimika pamalo osalala, matayala atapopedwa mofanana, itayang'ana khoma. Ankayeza msinkhu wa pakati pa nyali kuchokera pansi, naulemba pakhomapo ndi choko kapena khala. Kenaka ankaibweza m'mbuyo mowongoka mtunda wa mamita 10, nayatsa dimu, naphimba nyali imodzi ndi chiguduli kuti aone inzake payokha. Sikuluwu imodzi imakweza ndi kutsitsa, ina imapotolera kumanja kapena kumanzere, ndipo mmisiri ankazipota pang'onopang'ono, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kufikira malire a kuwala atagwa pansi pa mzere wa chokowo ndi masentimita ngati 10. Pa nyali zambiri za masiku ano muyezo umenewu unalembedwa pachikuto pomwe, kuti 1% kapena 1.2%, ngakhale kuti owerenga chilembocho ndi ochepa.

Taonani kuchepa kwake kwa muyezowo, ndi kukula kwa zimene zatsamirapo! Nyali yokhala masentimita 70 kuchokera pansi, yoweramitsidwa ndi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuwala kwake kumagunda phula pa mtunda wa mamita 70. Koma ikangodzuka ndi sentimita imodzi yomweyo, sikugundanso pansi konse, kumangopita chilunjikire kufikira kutapeza maso a munthu. Ine ndimaona kuti kuweramitsa nyali ndi ulemu wofanana ndi uja anatiphunzitsa makolo, wakuti mwana akakumana ndi akulu panjira asawatong'olere maso, koma apatuke, nazolike. Ndipo dalaivala wothobwa m'maso pamtsetse wa pa Nsipe, kwa kanthawi kamene sakuona kanthu, amakhala atanyamula m'manja mwake moyo wa mayi wapanjinga amene ali patsogolo pake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, maminibasi ndi magalimoto ogwirapo kale ntchito a ku Japan atasefukira m'dziko muno, zinthu zinasintha. Magalimotowo pawokha analibe cholakwa, pakuti ku Japan nako amayendetsa kumanzere. Cholakwa chinalowera pa nyali zogula padera. Galasi likasweka, mwini galimoto amagula nyali imene waipeza pamtengo wotsika, ndipo zina mwa izo zinapangidwira maiko oyendetsa kumanja, kotero kuti mbali yake yokwezedwa imaloza m'maso mwa wobwerayo; zina zimamangidwa ndi waya mapini atathyoka, nkumagwedera pa bampu iliyonse. Palinso nkhani ya katundu, imene anthu a ku Ntcheu amaidziwa kuposa ena: galimoto yochoka pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano itasenza matumba a kachewere, kabichi ndi madengu a tomato, imakhala pansi kumbuyo, mphuno nkudzuka, ndipo dimu wake amasanduka fulu mwini wake osadziwa. Magalimoto ambiri ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala oyambira pa 0, kotsitsira nyali katundu akachuluka. Ofesi ya boma yoona za pamsewu imayesa nyali popereka chiphaso cha COF, koma galimoto imapita kumeneko yopanda kanthu, pamene katundu amasintha tsiku lililonse la msika.

Mababu nawo akhala akuwalirawalira: halojeni mu 1962, H4 wa timawaya tiwiri mu 1971, xenon pa BMW mu 1991, LED pa Lexus mu 2007. Nyali yopangidwira LED kufakitale ili ndi malire ake akuthwa, ndipo imalunjikika monga zinzake. Chovuta ndi babu la LED lolowetsedwa m'nyali yakale ya halojeni; pakuti mbale yonyezimira ija anaiumba molingana ndi kawaya kamodzi kokhala pamalo ake enieni, ndipo kuwala kukachokera pamalo ena, kawirikawiri malire aja amafufutika, pakhoma pamangooneka chimbuu choyera, ndipo palibe sikuluwu imene ingakonze zimenezo. Makaniko wokhulupirika, akapota mbali zonse ziwiri osaupeza mzere, amauza mwini galimoto kuti abwezeremo H4, kapena agule nyali yathunthu yopangidwira msewu woyendetsa kumanzere, ndipo akatero aibweretsenso galimotoyo pakhoma itasenza katundu amene imasenza masiku onse.