Mmene Kaundula wa Mayina a pa Intaneti Anachokera M'manja mwa Alembi

M'zaka za m'ma 1970, mayina a makompyuta onse olumikizidwa ku ARPANET ankakwana m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT. Inkasungidwa ku bungwe la SRI ku California, mu ofesi yomwe ankatsogolera mayi Elizabeth Feinler, ndipo wofuna kuti makina ake alembedwe ankaimba foni kapena kutumiza uthenga, n'kudikira. Makina atachuluka ntchito inawakulira alembi a mu ofesiyo, choncho mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, yomwe inagawa kaundulayo kuti bungwe lililonse lizisamala mayina ake. Komabe zonse zinkadalirabe dzanja la munthu. Woyang'anira seva ankatsegula fayilo ya zone, n'kusintha mzere, n'kukweza nambala ya serial, kenako n'kuuza pulogalamu ya BIND kuti iwerengenso. Akaiwala nambalayo, maseva othandizira ankangopitiriza kuyankha zakale.

Ine ndimaona kuti kupereka ntchitoyi kwa mapulogalamu kunali koyenera, ndipo kunabwera chifukwa ntchito yokhayo inafika poposa manja. Mu 1997 chikalata cha RFC 2136 chinalola pulogalamu kusintha mzere umodzi popanda kukhudza fayilo yonse, ndipo mu 2000 TSIG inabwera kudzatsimikizira kuti wotumiza kusinthako ndi wololedwa. Amazon itatsegula ntchito yake ya DNS yotchedwa Route 53 mu 2010, webusaiti yomangidwa ndi Django kapena Rails inkatha kumupangira kasitomala watsopano dzina lakelake nthawi yomweyo akulembetsa. Let's Encrypt, yomwe imapereka masetifiketi a chitetezo cha mawebusaiti, inakhomereranso msomali: masetifiketi ake ankatha pa masiku 90, ndipo a wildcard, omwe anayamba mu 2018, amafuna kuti mwini dzina aike mzere wa TXT m'kaundula posonyeza kuti dzinalo ndi lakedi. Kampani ya makasitomala zikwizikwi ingalembe alembi angati oti azichita zimenezi chaka chonse?

Otsutsa amati munthu akalakwitsa amawononga mzere umodzi, pomwe pulogalamu imawononga yonse kamodzin'kamodzi. Akunena zoona, ndipo umboni ulipo. Mu Okutobala 2009 pulogalamu yokonza kaundula wa Sweden inasiya kadontho ka kumapeto kwa dzina, moti mayina othera ndi .se anasiya kupezeka, ndipo ena anavutikabe kwa maola angapo chifukwa maseva anali atasunga kale yankho lolakwikalo. Koma kadontho komweko kanawapunthwitsa alembi kwa zaka zambiri, aliyense payekha, kulakwa komweko n'kumabwerezedwa. Pulogalamu itha kuyesedwa isanagwire kaundula weniweni, imasiya mbiri ya amene anasintha chiyani, ndipo ikakonzedwa vutolo latha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kiyi wa API. Webusaiti yongofunika kulemba mzere umodzi wa TXT nthawi zambiri imapatsidwa kiyi wotha kusinthanso kolowera maimelo a kampani yonse, ndipo wakuba akaithyola watenga zonsezo. Inu omanga mawebusaiti, patsani pulogalamu mphamvu pa mzere womwe ikufunika wokha, ndipo kusintha kulikonse kuzilembedwa pomwe munthu angakuwerenge.