Mphunzitsi Wanu wa Chingelezi Anachokera Kuti?

Sabata yatha mvula ya ku Mzuzu kuno inandikakamiza kuusa pakhonde pa golosale ina ku Masasa. Amene ndinawapeza pamenepo ndi aphunzitsi anga a Chingelezi a ku sekondale, mutu uli mbuu ndi imvi, atanyamula kachigubu ka uchi. Kani amaweta njuchi! Zaka zinayi anandiphunzitsa, koma chomwe ndinkadziwa za iwo ndi bolopeni yawo yofiira basi. Tsikulo ndinalimba mtima: "Kodi aphunzitsi, munayambira kuti ntchitoyi?"

Anaseka. "Mwana wanga, ine ndinabwerera kuno pa lole mu 1989, mabuku ali m'makatoni."

Ambirife tinali tisanabadwe. Chaka chimenecho boma la Kamuzu linalamula kuti aphunzitsi azikagwira ntchito m'zigawo za kwawo, ati a kumpoto ankaphunzitsa mwachinyengo ana a pakati ndi kummwera. Aphunzitsi angawa, kwawo kwa makolo ndi ku Rumphi, koma anali atakhazikika pa sukulu ina kummwera. Kumeneko ndi komwe anakwatira, ndipo gulu lawo la zisudzo linkakonzekera mpikisano wa ATEM. Anasiya sewero lili pakati. Chimene chinkawawawa, akuti, ndi ana a Fomu 4 omwe anawasiya mayeso ali pafupi.

Ndikubwerera kunyumba m'matope, ndinazindikira kuti funso langa lija ndi lakale m'dziko muno. Kumpoto kuno Chingelezi chinakwera phiri ndi amishoni a ku Scotland, pomwe Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Livingstonia mu 1894. Sukulu zoterezi ndi zomwe zinatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki ambiri, amene anamwazikana m'dziko lonse. Nsanje ya mu 1989 mizu yake ili pomwepo.

Ufulu ukuyandikira, masekondale anayamba kuchuluka koma aphunzitsi anali ochepa. Mu 1963 kunabwera anyamata ndi atsikana a Peace Corps ochokera ku America. Mmodzi mwa iwo anali Paul Theroux, yemwe anaphunzitsa Chingelezi ku Soche Hill, uku akulemba zake usiku. Mu 1965 anamuthamangitsa m'dziko muno pomuganizira kuti akuthandiza otsutsana ndi Kamuzu. Lero ndi mlembi wodziwika padziko lonse.

Mwa anthu amene Theroux anawathandiza munali David Rubadiri, mphunzitsi komanso mlakatuli. Iwowa anaphunzira ku Makerere ndi ku Cambridge, anaphunzitsa ku Dedza, ndipo atsamunda anawatsekera mu 1959. Mu 1964 anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, koma anatula pansi udindo mu 1965 atasemphana ndi Kamuzu. Anakhala kunja zaka zambiri, akuphunzitsa ana a eni ku Uganda ndi ku Botswana. Mu 2000 anakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi, ndipo anamwalira mu 2018 mumzinda wathu womwe uno. Ndi angati mwa ife tinadziwa kuti tikukhala nawo mzinda umodzi?

Kamuzu mwiniwake sankabisa maganizo ake. Atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, aphunzitsi anawatenga kunja, makamaka ku Britain. Mmalawi, ngakhale wophunzira chotani, sankaloledwa kugwira choko kumeneko.

Mukaona bwino, nthawi zonse panali wina amene ankafunsa komwe mphunzitsi wachokera: pofuna kumulemba ntchito, kumukana, kapena kumukweza pa lole. Amene sitinkafunsa ndi ifeyo ana a sukulu. Tinkangoona munthu wovuta, wodana ndi "me I am coming", osadziwa kuti ali ndi ming'oma ya njuchi, sewero losatha, ndi ulendo umene sanaufune.

Mvula itakata anandipatsa uchi uja, ndalama anakana. Ndinawafunsa ngati sewero lija akadali nalo. Akuti lili m'katoni momwe muja, mapepala ena anadya chiswe. Loweruka likubwerali ndikupita kukalijambula pa foni.

Inuyo, wanu uja akadali moyo? Muimbireni, mumufunse.