Vuto la magiya a otomatiki injini ikasinthidwa

Vuto la magiya a otomatiki injini ikasinthidwa ndi kulephera kwa giyabokosi kusintha magiya pa nthawi yake, galimoto ikaikidwa injini ya mtundu wina. Magiya amatha kuchedwa kulowa, kulowa mogunda, kuterereka kapena kukakamira pa giya imodzi. Kawirikawiri giyabokosi imakhala ilibe chilema, koma kompyuta yoiyendetsa imakhala ikulandira uthenga wolakwika. Chitsanzo chodziwika ndi giyabokosi ya 4L60E ya kampani ya General Motors, imene ku United States imamangidwa pamodzi ndi injini za LS m'magalimoto akale.

Mmene 4L60E imagwirira ntchito

4L60E inayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1993, ndipo ili ndi magiya anayi opita kutsogolo. Inachokera ku giyabokosi ya 700R4, imene inkasintha magiya popanda kompyuta. Mu 4L60E kompyuta ndiyo imasankha giya poyerekeza liwiro la galimoto ndi mmene dalaivala wapondera akiselereta.

Lamulo la kompyuta limadzera m'mavalavu awiri amagetsi otchedwa solenoid, A ndi B. Pa giya yoyamba onse amakhala oyaka. Pa yachiwiri A amazima, pa yachitatu onse amazima, ndipo pa yachinayi A yekha ndiye amayaka. N'chifukwa chake fyuzi ikapsa kapena waya wamoto ukaiwalika, galimoto imanyamuka molemera pa giya yachitatu. Valavu ina imawongolera mphamvu ya mafuta ofinya makilachi, ndipo ikasowa magetsi mphamvuyo imakwera kufika pamapeto, magiya n'kumalowa mogunda.

Zoyambitsa

Choyamba ndi liwiro lolakwika. Sensa ya liwiro imawerenga gudumu la mano 40 limene lili pa shafti yotuluka m'giyabokosi. Kompyuta imasandutsa chiwerengerocho kukhala liwiro la pamsewu potengera kukula kwa matayala ndi magiya a difu. Ikakhalabe ndi manambala a galimoto imene injini inachotsedwamo, magiya amalowa msanga kapena mochedwa. Akiselereta ikapondedwa mpaka pansi, injini imatha kufika pamalire a kazunguliridwe kake giya isanasinthe.

Chachiwiri ndi pulogalamu yosagwirizana ndi zipangizo. Injini za LS zoyambirira, zimene zinatuluka mu 1997, zili ndi kompyuta imodzi yoyendetsa injini ndi giyabokosi pamodzi, pamene zambiri za m'badwo wotsatira zili ndi kompyuta ya giyabokosi yapayokha. Kompyuta yochokera m'galimoto ya magiya apamanja, kapena yolembedwera giyabokosi ya 4L80E, singayendetse bwino 4L60E isanalembedwenso.

Chachitatu ndi masensa ndi mawaya. Sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini ikafa, kompyuta imakweza dala mphamvu ya mafuta pofuna kuteteza makilachi. Waya wochokera ku switchi ya mabuleki ukapanda kulumikizidwa, kilachi ya mu torque converter sigwira, ndipo mafuta a giyabokosi amatentha paulendo wautali.

Kufufuza vuto

Amakaniko amayamba ndi kuona mlingo, mtundu ndi fungo la mafuta. Kenako amalumikiza makina pa soketi ya OBD-II, imene inakhala yokakamiza pa magalimoto atsopano ku United States kuyambira mu 1996, n'kuwerenga makodi. P0502 imaloza sensa ya liwiro, P0753 ndi P0758 zimaloza magetsi a solenoid A ndi B, pamene P1870 imasonyeza kuterereka m'kati mwa giyabokosi.

Chimene chimathetsa kukayika ndi kujambula zochitika galimoto ikuyenda, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga HP Tuners kapena EFILive. Apa amayerekeza giya imene kompyuta yalamula ndi imene yalowadi. Ngati lamulo lenilenilo likubwera pa nthawi yolakwika, vuto lili m'pulogalamu kapena m'masensa. Ngati lamulo lili bwino koma giya sikulowa, vuto lili m'mawaya, m'mavalavu kapena m'makilachi.

Masamu amathandizanso. Pa giya yachinayi, kilachi ya torque converter itagwira, injini imazungulira ka 0.70 shafti yotuluka ikazungulira kamodzi. Shafti ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, injini iyenera kukhala pa 2,100. Ikapitirira patali pamenepo, ndiye kuti china chake chikuterereka.

Malire a kukonza ndi kompyuta

Pokonza amayamba ndi kulemba manambala olondola a matayala ndi difu, n'kutsimikizira liwiro ndi GPS, asanasinthe nthawi yolowera giya iliyonse. Pulogalamu siingabwezeretse kilachi yopsa. Mu 4L60E makilachi a giya yachitatu ndi yachinayi ndiwo amadziwika kuti amatha msanga, makamaka injini yatsopano ikakhala yamphamvu kuposa yakale. Kukweza mphamvu ya mafuta kumangobisa vutolo kwakanthawi, pamene kuitsitsa kwambiri pofuna magiya ofewa kumawotcha makilachi amene anali abwinobwino.