Ngodya ya nyumba ya agogo

Pa foni yanga pali chithunzi chimodzi chomwe ndachisamutsa kanayi, foni ikafa ndikuchiika pa inzake. Si chokongola ayi. Ndinachijambula mu Seputembala 2014 kumudzi kwa amayi, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kufupi ndi Makhanga, ndi kafoni kotchipa komwe kamera yake inkaona dziko ngati munthu wodwala ng'ala. Ndinkajambula maluwa a mtondo. Amene munakulira ku Chigwa mukuwadziwa, achikasu ngati dzira, odzaza uchi moti njuchi zimachita kulira mtengo wonse. Chakumanzere, m'munsi mwa chithunzicho, munalowa chinthu chomwe sindinkachifuna n'komwe: mizere isanu ndi iwiri ya njerwa zootcha, kachidutswa ka lata ladzimbiri, ndi theka la zenera lamatabwa. Imeneyo ndi nyumba ya agogo. Mu Januwale 2015 Ruo ndi Shire atasefukira, inapita. Palibe m'bale aliyense amene ali ndi chithunzi china cha nyumbayo. Ndafunsa onse, mpaka a ku Joni.

Pa Instagram ndimaona zithunzi za anthu a ku Japan kapena ku Ulaya m'nyengo yawo ya maluwa: nthambi yoyera mbee kutsogolo, kumbuyo kachisi kapena tchalitchi cha zaka mazanamazana. Nkhani ya zithunzi zoterezi ndi imodzi. Duwa ndi la sabata imodzi, nyumba ndi yamuyaya. Kwathu kuno zinthu n'zozondoka. Mitengo siphonya. Chaka chili chonse chilimwe chikafika pachimake, ku Ngabu kutentha kukudutsa madigiri 40, dothi litang'ambika, mbuzi zikubisala pansi pa ngolo, ndi pomwe mitengo imayamba kudzionetsera mvula isanagwe n'dontho lomwe. Mango amatsogola. Mvunguti umatulutsa maluwa ofiira ngati chiwindi, otseguka madzulo kuti mileme imwe, m'mawa n'kuwapeza ali mbwee pansi. Mphakasa imavala zofiirira. Mlambe umadikira chakumapeto, duwa lake loyera n'kulendewera usiku umodzi wokha, mawa lake lada kale. Zonsezi chaka chamawa zibweranso. Zomwe sizibweranso ndi nyumba.

Mmodzi mwa anthu oyamba odziwika kuyenda ndi kamera m'mitsinje yathu ino analinso wojambula wongokonda, ngati ine ndi inu. Dzina lake John Kirk, wa ku Scotland, dokotala komanso katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone. Pomwe sitima yawo ya Ma Robert inkakwera Shire koyamba mu Januwale 1859, Kirk anali ndi zaka 26. Ntchito yojambula sinali yake. Inapatsidwa kwa Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, koma zake sizinayende bwino, ndipo zithunzi zambiri za ulendowo zomwe zilipo lero ndi za Kirk, yemwe ankajambula mwa kufuna kwake. Iye ankagwiritsa ntchito pepala lopaka phula ndi mankhwala, ndipo kamera inkayenera kukhala chitsegulire kwa mphindi zingapo. Tangoganizani. Munthu akangogwedeza mutu amasanduka utsi. N'chifukwa chake zithunzi zake zambiri ndi za zinthu zosayenda: mitengo, nyumba, maboti, miyala ya mumtsinje. Makolo athu anali pomwepo, akupalasa mabwato, akulima thonje, akuwomba nsalu, akuphika mchere, koma kamera ya nthawi imeneyo inkakhulupirira mlambe kuposa munthu.

Pali duwa limodzi lomwe limandisangalatsa pa nkhani ya Kirk, la kombe. Ndi chomera choyanga, maluwa ake ali ndi timichira titalititali topotana, ndipo chimachita maluwa chakumapeto kwa chilimwe. Alenje a kuno ankapaka ululu wa njere zake ku mivi. Kirk anaika mswachi wake m'thumba momwe munali kombe, ndipo atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Nkhaniyo inafika ku Edinburgh, komwe Thomas Fraser anaifufuza mpaka kupanga mankhwala a mtima, ndipo kwa zaka zingapo njere za kombe zinali m'gulu la katundu yemwe dziko lino linkagulitsa kunja. M'mabuku a sayansi chomeracho chimatchedwa Strophanthus kombe. Dzina la Chimang'anja linalowamo, mayina a alenje omwe anamuonetsa Kirk sanalowemo. Komabe Kirk naye madzi sanamusiye. Mu 1860 bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Cahora Bassa mu Zambezi, zolemba ndi zojambula zake zambiri za zomera n'kumira. Ndikawerenga pamenepo ndimamumvera chisoni ngati mnzanga wotaya memori khadi.

Nanga zomanga za nthawi imeneyo, zilipo? Amishoni a UMCA atachoka ku Magomero mu 1862 anatsikira kwa Chibisa, pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero. Nyumba zawo zinali za mitengo ndi udzu, ndipo palibe yatsala. Atsala ndi manda: a Henry Scudamore ndi a Dr John Dickinson, omwe anamwalira kumayambiriro kwa 1863, ndi a Richard Thornton chakumtunda kufupi ndi Kapichira, yemwe anamwalira mu Epulo chaka chomwecho. Bishopu Charles Mackenzie anali atamwalira kale pa 31 Januwale 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire. Ndinapita ku manda a ku Chikwawa ndi foni m'manja. Kunena zoona ndi malo ovuta kujambula. Dzuwa la masana limapha mtundu wa chili chonse, chithunzi chimangotuluka chotuwa. Muzipita chakum'mawa kwambiri kapena cha m'ma 4 koloko madzulo.

Mbiri ya njerwa m'Chigwa ndi mbiri yothamangitsana ndi madzi. Poyamba sitima zapamadzi zinkafika mpaka kwa Katunga, mmodzi mwa mafumu a Amakololo omwe anatsala kuno Livingstone atapita, ndipo katundu ankakwera phiri kupita ku Blantyre pamitu ya amtengatenga. Kenako Chiromo ndiye anakula, doko ndi malo a msonkho. Shire atayamba kuphwa, sitima zinkatitimira mumchenga, ndiye njanji yomwe anayamba kumanga pa Chiromo anaitalikitsa mpaka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, ndipo mu 1908 inafika ku Blantyre. Madzi anapitiriza kuchepa. Mu 1915 njanji inawatsatira mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana unatha, sitima n'kumapita ku Beira osadikira mtsinje. Ndiye mwadziwa zomwe Shire anachita? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anabwerera ndi mphamvu, n'kumiza madimba ambiri omwe anthu ankalimamo thonje. Wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza bwino za nthawi imeneyi m'buku lake la mu 1990 lonena za alimi a chigwa cha Tchiri. Mu 1997 madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga. Anzanga obadwa pambuyo pake sanaonepo sitima ikuwoloka pa Chiromo, amangodziwa bwato ndi mtengo wake.

Yendani mumsewu wochoka ku Bangula kupita ku Nsanje mudzaziona zotsalira: tinyumba ta masiteshoni, mashedi a thonje, masitolo akale okhala ndi khonde lalitali lazipilala, ena mawu a pakhoma akuwerengekabe mwa apo ndi apo. Palibe chikwangwani chokuuzani kuti anamanga ndani, liti. Ukafunsa, wina amati "ndi za azungu", wina "za Amwenye", basi nkhani yathera pomwepo. Ngakhale doko la Nsanje, lomwe a Bingu wa Mutharika anatsegulira ndi chikondwerero mu Okutobala 2010, layamba kale kuoneka ngati chimodzi mwa zinthu zakalezi. Kuno chinthu chimakalamba msanga.

Nyumba ya agogo inali mwana wa mbiri yomweyi. Agogo aamuna ankagwira ntchito yokonza njanji, agogo aakazi ankalima thonje ndi mapira, ndipo ndalama ziwirizo zitakumana mu 1958 anawotcha njerwa. Inali nyumba yoyamba ya malata m'mudzimo. Sinali m'buku lililonse la zinthu zakale, ndipo wa boma sakanabwera kudzaiyeza. Koma munthu wofuna kudziwa kuti njanji ndi thonje zinkatanthauza chiyani kwa banja wamba akanangoima pakhonde lija. Ine ndinaimapo kambirimbiri, foni ili m'manja, ndikujambula nkhope yanga.

Pali malo amodzi omwe amanditsutsa, ndipo ndiyenera kuwatchula. Ku Khulubvi, m'nkhalango ya Mbona ku Nsanje, kuli akachisi omwe mbiri yawo ndi yakale kuposa njanji, kuposa manda a amishoni, kuposa Kirk ndi kamera yake. Si a njerwa. Ndi a mitengo ndi udzu, ndipo akatha anthu amasonkhana n'kumanganso, monga anafotokozera Matthew Schoffeleers m'buku lake la River of Blood la mu 1992. Chomanga chakale kwambiri m'Chigwa chonse ndi chomwe chimachita ngati mtengo: chimayoyoka, n'kuphukanso. Nditapita kumeneko ndinavula nsapato monga mwa mwambo, foni ndinaisiya m'chikwama. Sindinaone chifukwa choitulutsira. Khulubvi ali ndi anthu omukumbukira. Siteshoni ya sitima ndi nyumba ya agogo analibe.

Chichokereni 2015 madzi abweranso kangapo mwaukali, monga Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Abale anga ambiri anasamukira kumtunda. Ine tsopano ndikajambula maluwa ndimabwerera m'mbuyo masitepe khumi kuti nyumba ilowe yonse, ndipo ndimayamba ndapempha eni ake, chifukwa kuloza foni pakhomo la munthu osalonjera ndi mwano. Ndikatero ndimafunsa wamkulu aliyense ali pafupi kuti anamanga ndani, n'kulemba dzina la mudzi ndi tsiku pansi pa chithunzicho. Anzanga amati ndimaononga zithunzi, maluwa amaoneka aang'ono. Zoona, ma like amachepa.

Chaka chatha mu Seputembala ndinapita ndi amalume kukaona pamalo paja. Tinawoloka pa bwato, kenako kabaza, kenako wapansi. Pomwe panali bwalo pali mchenga ndi bango. Mtondo ulipo, mchenga waukwirira mpaka m'chiuno, ndipo unali utachita maluwa ngati palibe chinachitika. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala zawo zosazolowera.

"Iwe mphwanga, zenera ili ukulidziwa?"

"Ayi amalume."

"Kuchipinda kwa amayi ako uku. Thabwa ili ndinathyola ndine ndi mpira wachikulunga, bambo anandikwapula. Taona, anakhomapo lina losiyana mtundu."

Ndinayang'anitsitsa. Zoonadi, thabwa limodzi ndi loyererako. Zaka zonsezi ndinali ndisanalione.

Amalume anayamba kuyenda kuchoka pa tsinde la mtondo, akuwerenga mapazi mokweza, foni yanga ili m'dzanja lawo. Atafika pa 14 anaima, n'kujambula mzere pamchenga ndi chala cha kuphazi.

"Ngodya inali apa. Tandijambula ndili pompano."